Funsani Amalume: Ndege ya Matabwa Yosaka Usiku, ndi Majeti Ogwa Popanda Wowawombera

Makalata a mwezi uno achita ngati anapangana, onse ndi a ndege zankhondo. Ndineneretu kuti ine ndege sindinayendetsepo. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikukonza mawayilesi ndi ma TV pafupi ndi msika wa Zigwagwa, ndipo nkhani za ndege ndinazilowera chakuseri, pofuna kumvetsa rada, imene ndi wayilesi basi, kungoti imafuula kenako n'kutchera khutu kuti imve mawu ake omwe akubwerera. Enanso amene anandiyambitsa ndi malemu bambo anga, msilikali wa KAR, gulu la asilikali a kuno la nthawi ya atsamunda, amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944.

Amalume, ine ndine kalipentala ku Chibavi. Tsiku lina tili pa bawo, mnzanga anati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Mangerezi anali ndi ndege ya matabwa, yomata ndi guluu, imene inkasaka ndege za adani usiku. Ine ndinaseka mpaka misozi. Mpando womata ndi guluu, chinyezi cha mu Juni chikaulowa umayasamula, ndiye ndege? Tabetcherana tambala. Tiweruzeni.
Kalipentala, Chibavi

Bambo, tambalayo kaperekeni, ndipo musasankhe wa chitopa. Ndegeyo inalipo. Dzina lake de Havilland Mosquito, kutanthauza udzudzu. Inauluka koyamba pa 25 Novembala 1940, ndipo zonse pamodzi anapanga 7,781. Thupi lake linali la mtengo wopepuka ngati chisononkho cha chimanga, wotchedwa balsa, wochokera ku Ecuador, wotsekeredwa pakati pa pulayiwudi uku ndi uku. Ankaliumba pa chikombole zibenthu ziwiri ngati chipanda chong'aluka pakati, n'kuikamo mawaya ndi zingwe, kenako n'kumata. Ambiri ogwira ntchitoyi anali anzanu a randa ndi tchizulo: opanga mipando a ku High Wycombe, ena opanga piyano. Aluminiyamu ankasowa, amisiri a zitsulo anali otanganidwa, koma akalipentala analipo. Ataimangirira mainjini awiri a Rolls-Royce Merlin, ndege yosalalayo inkathamanga moti zambiri za Majeremani zinkangoiona mchira.

Koma kukayika kwanu ndi kwa mmisiri, ndipo theka la tambalayo, mwina ntchafu, mukhoza kulipempha. Chakumapeto kwa 1944 ku India ndi ku Burma mapiko a Mosquito zingapo anathyoka zili m'mwamba, mpaka akuluakulu anaziletsa kaye kuuluka. Bambo anga ankasimba za mvula ya m'chigwa cha Kabaw, kuti nsapato zinkaolera kuphazi, ndiye aliyense anathamangira kunena kuti chinyezi chasungunula guluu, makamaka uja wakale wopangidwa kuchokera ku mkaka. Ofufuza atang'amba mapiko anapeza china chochititsa manyazi: m'malo ena matabwa sanakumane bwino kuchokera ku fakitale komweko. Inu mukudziwa kuti guluu sadzaza mpata umene randa yasiya. Dzuwa ndi mvula zinangomaliza ntchito imene mmisiri wothamanga anayamba. Anamata kathabwa kotalika pamwamba pa polumikizirapo kuti madzi asalowe, n'kupaka ndegezo penti wasiliva wobweza dzuwa, ndipo guluu wamankhwala analowa m'malo mwa wamkaka uja.

Amene guluu anawagwetsa chagada ndi Majeremani. Mosquito inawapweteka mtima kwambiri moti nawonso anapanga yawo ya matabwa yosaka usiku, Focke-Wulf Ta 154, n'kuitcha Moskito osachita n'komwe manyazi. Zoyeserera zinauluka bwino mu 1943. Tsoka lake, guluu wabwino amene ankadalira, wotchedwa Tego-Film, ankapangidwa ku Wuppertal, ndipo mabomba a Mangerezi anaphwasula fakitaleyo. Guluu wolowa m'malo anali ndi asidi wambiri, ankadya thabwa lomwe akulimatalo. Mapiko anayamba kumasuka m'mwamba mu 1944, ndipo mkonzi wake, Kurt Tank, anaimitsa ntchito. Chaka chomwecho pulogalamu yonse inathetsedwa. Vuto la kamatidwe linatsatiranso kajeti ka mapiko a matabwa, Heinkel He 162. Pa 10 Disembala 1944, akukaonetsa kwa akuluakulu, patangopita masiku anayi chiulukireni koyamba, phiko linasweka ndipo woyendetsa anafera pomwepo anthu akuona. Mukamadutsa ku Chikangawa n'kumva fungo la pulayiwudi, muzikumbukira kuti ntchito yanuyi inagwetsapo ndege popanda chipolopolo.

Agogo, ndili Fomu 3 ndipo ndimakhala ku Luwinga. Pa foni ndimaona mayina ngati Mosquito NF II, NF XII, NF 30, kapena Bf 110 G-4 ndi Ju 88 G-1. Ndege imodzi mayina mbwee chifukwa chiyani? Nanga mumdima ankaonana bwanji? Mnzanga akuti oyendetsa ankadya kaloti wambiri.
Wophunzira, Luwinga

Mdzukulu wanga, tiyambe ndi kalotiyo, chifukwa mnzakoyo wagwa mu msampha umene unatcheredwa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu zapitazo. Mu Novembala 1940 woyendetsa ndege wa ku Britain, John Cunningham, anagwetsa Junkers Ju 88 usiku ali mu Bristol Beaufighter, ndipo anapitiriza kugwetsa zina. Boma silinafune kuti adani adziwe kuti m'ndegemo munali rada, choncho manyuzipepala anauzidwa kuti mnyamatayo ali ndi maso a mphaka ndipo amadya kaloti. Kaloti ndi wabwino, uzidya, koma sangakuonetse ndege yakuda ili makilomita atatu kutsogolo usiku wopanda mwezi.

Zilembo ndi manambala ukuzionazo uziziwerenga ngati zigamba pa buluku. Chilichonse chikunena kuti apa panang'ambika, tinasoka. NF ndi chidule cha mawu achingerezi otanthauza ndege yomenya nkhondo usiku, ndipo nambala ikukuuza kuti ndi kusoka kwachingati.

Poyamba Mangerezi ankangopapasa. Panali Boulton Paul Defiant, ndege imene mfuti zake zinayi zonse zinali m'kanyumba kozungulira kumbuyo kwa woyendetsa, kutsogolo kulibe ngakhale imodzi. Masana Majeremani atazindikira, anaipulula, ndiye inakankhidwira ku usiku. Panalinso nzeru ina imene mpaka lero imandiseketsa, yotchedwa Turbinlite. Anatenga ndege ya Douglas Havoc, n'kuimangirira chitochi chachikulu pamphuno, mabatire ake odzaza m'mimba monse moti mfuti zinasowa pokhala. Inkayenda ndi ndege zamfuti za Hurricane m'mbali; ikapeza mdani iyatse, anzakewo awombere. Tangoganiza kusaka kalulu usiku, wa tochi ndi wa uta ali pa njinga zosiyana, onse akuthamanga, mu nkhungu ya ku Lusangazi. Ankatayana, kuwalako kunkathobwa anzake omwe, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1943 anazisiya.

Beaufighter ndiyo inayamba kugwira ntchito yooneka, ndi mizinga inayi ya mamilimita 20 pansi pa mphuno. Mtundu woyamba unali ndi mainjini a Hercules. Mainjiniwo atafunika pa ndege zoponya mabomba za Short Stirling, anaika a Merlin n'kutcha Mk II. Mphamvu inachepa, ndipo ponyamuka ndegeyo inkakhotera kumbali ngati ngolo ya ng'ombe imodzi yaulesi. Ambiri anavulala pa bwalo osaonana n'komwe ndi mdani.

Tsopano rada, kumene ndi kwathu. Yoyamba kugwira ntchito bwino m'ndege, AI Mk IV, inkatumiza mafunde otalika mita imodzi ndi theka. Mafunde otere sungawalunjike bwino, amamwazika ngati madzi a m'beseni, ndiye ambiri ankagunda pansi n'kubwerera. Ukauluka mamita 3,000 kuchokera pansi, sungaone mdani wopitirira mamita 3,000, chifukwa kuseri kwake galasi lonse ladzaza chithunzi cha nthaka. Mdani akatsika pansi, wasowa. Munthu wachiwiri m'ndegemo ankayang'ana timagalasi tiwiri tobiriwira, tofanana ndi machubu a TV zakale zija ndinkakonza, n'kumauza woyendetsa kuti kumanzere, kwera pang'ono, chepetsa. Mamita omaliza ankamaliza ndi maso, kufunafuna moto wa ku ekizozi kapena mthunzi wophimba nyenyezi.

Mankhwala ake anapezeka ku yunivesite ya Birmingham mu 1940, kumene John Randall ndi Harry Boot anapanga kachipangizo kotchedwa cavity magnetron, kotulutsa mafunde a masentimita khumi okha. Kachipangizo komweko ndi kamene kamatenthetsa chakudya mu microwave. Ndakatulutsapo kambirimbiri pa benchi yanga. Mafunde aafupi amalunjikika ndi mbale, ngati ya DStv. Koma mbale imafuna malo. Mosquito NF II ya 1942 inali ndi mizinga inayi pansi, mfuti zinayi pamphuno, ndi timawaya ta rada yakale. Kuti mbale ilowe, mfuti za pamphuno zinachotsedwa, n'kukhala NF XII. Atalandira rada ya ku America, mphuno inatupanso, dzina n'kusintha. NF 30 ya 1944 inapatsidwa mainjini opuma bwino m'mwamba kwambiri. Ngakhale penti anawavuta: poyamba ankapaka wakuda bii wokhakhala ngati mwaye, n'kupeza kuti akudya liwiro, komanso kuti usiku si wakuda chotero, ndege yakuda kwambiri imaoneka ngati chithunzithunzi. Anabwerera ku wotuwa ndi wobiriwira.

Majeremani magnetron analibe mpaka mochedwa, choncho ndege zawo zinkasenza maeriyo panja pamphuno. Pa Messerschmitt Bf 110 G-4 ankaoneka ngati nyanga, ndipo eniake ankawatcha nyanga za mbawala. Walira mvula walira matope: maso anawapeza, koma nyangazo zinkakoka mphepo n'kuchepetsa liwiro la ndege imene inali yolemedwa kale ndi munthu wachitatu, mizinga ndi zophimba moto wa ekizozi. Usiku wa pa 24 Julayi 1943, popita kukaphulitsa Hamburg, Mangerezi anamwaza timizere ta pepala la aluminiyamu, ngati lija la m'paketi ya ndudu, todulidwa molingana ndi mafunde a rada za Majeremani. Magalasi onse anachita mbuu. Majeremani anasintha mafunde, n'kubwera ndi rada ya SN-2, ya nyanga zazikulu kuposa zoyamba.

Anabweranso ndi nzeru yoopsa yotchedwa Schräge Musik: mizinga iwiri yoloza m'mwamba mopendekeka, kumsana kwa ndege. Lancaster, ndege ya Mangerezi yoponya mabomba, inali ndi owombera kutsogolo, pamsana ndi kumchira, koma kumimba kunalibe woyang'ana. Mjeremani ankalowa pansi pake mwakachetechete ngati ng'ona pansi pa bwato, n'kuloza matanki a mafuta a m'phiko, osati pamimba pamene pali mabomba, kuopa kupsera limodzi. Kwa miyezi yambiri opulumuka ankangoti tinaona moto, osadziwa kumene wachokera. Usiku umodzi wokha, pa 30 Malichi 1944, mwa ndege 795 zimene zinapita ku Nuremberg, 95 sizinabwerere.

Nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Monica. Kanali karada kakang'ono kumchira kwa ndege zoponya mabomba, kochenjeza kuti kumbuyo kukubwera wina. Majeremani anakapeza m'zigoba za ndege zogwa, n'kupanga wayilesi yotchedwa Flensburg yomvera kulira kwake. Belu loteteza mbuzi linasanduka loitana fisi. Mangerezi anadziwa mwangozi: pa 13 Julayi 1944 anyamata a Ju 88 G-1 anasokera, n'kutera pa bwalo la Woodbridge ku England akuyesa ndi kwawo, zipangizo zonse zili bwinobwino. Atayesa Flensburg ija n'kuona kutalika kwa kumene imamvera, Monica anamuzula m'ndege zoponya mabomba.

Amereka ndi amene anapanga ndege yausiku kuchokera pa pepala, Northrop P-61 Black Widow, dzina la kangaude waululu. Nayonso inasokedwa. Kanyumba ka mfuti zinayi ka pamsana kakatembenuka, mphepo inkagwedeza mchira koopsa, moti zitangotuluka 37 zoyambirira anakachotsa, n'kudzakabwezera mochedwa. Heinkel He 219 ya Majeremani, imene ankaitcha Uhu, kadzidzi, inali ndi mipando yoponya munthu kunja ndi mpweya pa ngozi. Usiku wake woyamba mu Juni 1943 Werner Streib anagwetsa ndege zisanu, pobwerera n'kuiphwanya potera, iye n'kupulumuka. Mikangano ya akuluakulu inachititsa kuti zisafike n'komwe 300.

Amalume, mwana wanga wachisamba akuti akamaliza sukulu akufuna usilikali wa m'ndege. Ine mtima suli m'malo. Ndimamva kuti majeti ankhondo amagwa okha ngakhale kulibe nkhondo. Ndege ya ndalama zankhaninkhani imagwa bwanji popanda woiwombera?
Mayi wodandaula, Katawa

Mayi, ndikumvetsa, makamaka ife a kuno amene tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali inalephera kutera pa bwalo lathu lino la Mzuzu chifukwa cha nyengo, n'kukagwa ku Chikangawa ndi a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ija inali Dornier 228, ya mapulopela, yonyamula anthu, osati jeti yomenyera nkhondo. Majeti omenyera nkhondo dziko lathu lilibe, choncho mwana wanu akalowa kuno, zimene nditchule apazi sakazikwera. Koma funso lanu lili ndi yankho.

Jeti yoyamba kumenya nkhondo, Messerschmitt Me 262 ya Majeremani, inabadwa ndi matenda. Injini ya jeti imatentha koopsa ndipo imafuna zitsulo zosakaniza ndi nickel ndi chromium, zimene Germany inalibe zokwanira. Anapanga ndi zimene zinalipo, ndipo injini ya Jumo 004 inkatha pakati pa maola 10 ndi 25. Minibasi yotere ikanapita ku Lilongwe n'kubwerako kawiri, injini n'kutaya. Ukaponda moto mofulumira inkazima kapena kuyaka, ndiye potera, pamene liwiro lachepa, woyendetsa analibe chochita mdani akamubwerera. Amereka ndi Mangerezi anaphunzira kudikirira pafupi ndi mabwalo ake. Zochepa za mipando iwiri, zimene zinali zophunzitsira, anaziika rada ndi nyanga zija mu 1945 kuti zizisaka Mosquito usiku pamwamba pa Berlin, koma nkhondo inali itawaipira kale.

Mtendere utabwera imfa sizinathe. Gloster Meteor ya Mangerezi, imene inalinso ndi mitundu yausiku kuyambira NF 11, inali ndi mainjini awiri otalikirana, mafuta osachedwa kutha, ndipo zoyambirira zinalibe mpando wodziponya. Asilikali a m'ndege a Britain anataya pafupifupi 890, oyendetsa 450 n'kufa. Chowawa n'chakuti ambiri anafa pophunzira kutera ndi injini imodzi, ina atazimitsa dala. Kuyeserera ngozi kunkapha anthu mwina kuposa ngozi yeniyeniyo.

Yotchuka pa zonse ndi Lockheed F-104 Starfighter. Kukongola ngati mkondo, thupi lotalika mamita pafupifupi 17, mapiko kuchokera nsonga kufika nsonga osakwana mamita 7, akuthwa moti pansi ankawaveka zophimba kuti amakaniko asadzicheke. Chikomekome cha mkuyu. Anaipangira ntchito imodzi: kukwera msanga kumwamba kopanda mitambo, kuwombera, kubwerera. Zoyambirira za ku America mpando wake unkaponya munthu chapansi, poopa mchira wautali. Ngozi ikachitika ponyamuka, mukuona nokha kumene munthuyo ankapita. West Germany inagula 916 n'kuzipatsa ntchito ina, yosenza mabomba n'kumauluka chapansipansi, m'mapiri ndi mu nkhungu ya ku Ulaya, oyendetsa ake ataphunzirira ku Arizona kumene kumwamba kumakhala mbee chaka chonse, ndege zikugona panja, amakaniko ambiri ali achinyamata ongodutsa. Zinagwa 292, oyendetsa 116 anafa, ndipo anthu anaitcha yopanga akazi amasiye. Spain inayendetsa 21 kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kunja kowala, pa ntchito imene inapangidwira, osataya ngakhale imodzi. Ine ndimaimba mlandu ogula kuposa ndegeyo. Njinga ya mpikisano ukaisenzetsa matumba a makala kutsika nayo ku Chiweta, ikathyoka usatukwane fakitale.

Za masiku ano matenda ake asamukira mu kompyuta. Mu Febuluwale 2007 majeti a Amereka a F-22 asanu ndi limodzi, apamwamba kuposa onse nthawi imeneyo, ananyamuka ku Hawaii kupita ku Okinawa. Atangodutsa mzere wa pa nyanja ya Pacific pamene tsiku limasinthira, makompyuta olondolera njira anazima onse nthawi imodzi. Wolemba pulogalamu sanaganizire za mzerewo. Anabwerera potsatira ndege zowamwetsa mafuta, ngati anapiye pambuyo pa make, ndipo mwayi kunja kunali kowala. Palibe anafa, ndipo anakonza m'masiku awiri.

Mwanayo musamuletse ndi misozi. Muuzeni alimbikire masamu ndi fizikisi, ndipo aganizirenso zokhala makaniko wa ndege, chifukwa amenewo ndi amene amasowa. Mukamuperekeza ku kampu ya asilikali ya Moyale tsiku lina, mudzamuuze kuti dzinalo ndi la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a Nyasaland analimbana ndi Mataliyana mu Julayi 1940, mwezi womwewo umene ndege ya Mangerezi ya Blenheim inagwetsa mdani usiku ndi rada kwa nthawi yoyamba.

Akulu, ine ndimapalasa sacramento pa Katoto. Funso langa n'lalifupi: pa zonsezi, yoopsa kwambiri usiku inali iti?
Wa sacramento, Katoto

Achimwene, mukandipanikiza ndisankha Mosquito NF 30. Pofika kumapeto kwa 1944 inkatsagana ndi ndege zoponya mabomba mpaka ku Germany n'kumasaka osakawo, moti oyendetsa a Chijeremani ankabwerera kwawo chokwawa pansipansi poiopa, ena n'kudziwombetsa m'mapiri. Komabe munthu amene anagwetsa ndege zambiri usiku m'mbiri yonse, Heinz-Wolfgang Schnaufer, ndege 121, ankayendetsa Bf 110, yakale ija yolemedwa ndi nyanga, imene masana inali italephera kale mu 1940. Nkhondo imatha ali ndi zaka 23. Anabwerera kwawo kukayendetsa bizinesi ya vinyo ya makolo ake, ndipo mu Julayi 1950, ali ku France kokagula vinyo, galimoto lake linawombana ndi lole pafupi ndi Bordeaux. Anamwalira m'chipatala patapita masiku awiri.